Ndere za Ulusi M'maiwe a Nsomba: Madzi Oyera Ndiwo Amaziitana

CAKA ndi caka, mvula ikatha ndipo mphepo ya mwera ikayamba kuomba, alimi ambiri oweta nsomba m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amaona cinthu cobiriwira cikumera pansi pa maiwe ao. Poyamba cimaoneka ngati tsitsi lopyapyala logwirira ku timiyala ndi ku mapesi a udzu wa m'mphepete. Pakapita masabata owerengeka tsitsi lija limakhala litalukana, ndipo limayandama pamwamba pa madzi monga bulangete lonyowa limene wina waliiwala pocapa. Izi ndizo ndere za ulusi. Zikasiyidwa zimatha kuphimba dziwe lonse, ndipo mwini wace pa tsiku lokolola amabvuula mtolo wa ndere m'malo mwa ndiwo.

Cimene cimadabwitsa anthu ambiri ndi cakuti ndere zimenezi zimakonda dziwe la munthu waukhondo, uja amene amanyadira kuti madzi ace ndi oyera mbee kotero kuti mlendo angathe kuwerenga nsomba ali ciimire pa khoma. Dziwe la mnansi wace, limene madzi ace ali obiriwira ngati ofinyidwa ku nkhwani, kawiri-kawiri silikhala nalo bvutoli. Pa citsime madzi oyera ndi ulemu, koma m'dziwe la nsomba ndi cizindikiro ca njala, ndiponso ndi khomo limene ndere za ulusi zimalowerapo.

Ulimi wa nsomba si wacilendo m'Zambia. Maiwe oyamba oyeserapo anakumbidwa m'nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo Chilanga, kumene kuli likulu la Dipatimenti ya Nsomba, ndi amodzi mwa malo amene nchitoyi inayambira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la FAO, kupyolera m'nchito yochedwa ALCOM, linayesa njira zophunzitsira anthu a m'midzi ya m'boma la Chipata kukumba ndi kusamala maiwe ang'ono-ang'ono. Mu 2015 Boma linakhazikitsa Unduna wa Nsomba ndi Ziweto kukhala woima pawokha. Kwa anthu a m'cigawo ca Kum'mawa nkhani imeneyi ndi yaikulu, popeza kupatula mtsinje wa Luangwa ndi madamu ena, cigawoci cilibe madzi akulu ophamo nsomba, ndipo kapenta wa pa msika amayenda ulendo wautali asanafike mu mphika. Dziwe la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi limalandira tiana ta nsomba 400 kapena 600. Kwa banja la kumudzi imeneyo ndi ndiwo ya ana ndiponso ndalama ya sopo ndi makope a kusukulu.

NDERE ZIRI MITUNDU IWIRI

Liu lakuti ndere limabisa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mlimi amene sanazisiyanitse amalimbana ndi bwenzi pamodzi ndi mdani. Mtundu woyamba ndi wa tindere tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso paokha, timene timangoyandama m'madzi osagwirira kanthu. Tikacuruka, madzi onse amasanduka obiriwira, koma munthu akatunga m'dzanja sapezamo coti agwire. Timeneti ndito nsima ya nsomba zambiri zowetedwa. Nsomba ya madontho atatu ya ku Kafue, imene akatswiri amaicha Oreochromis andersonii, ndi inzace ya mutu wobiriwira, Oreochromis macrochir, zimasefa tindere timeneti m'madzi ndi kumeza. Tizirombo tating'ono ta m'madzi timene tiana ta nsomba timadya natonso timakulira pa cakudya comweco.

Mtundu waciwiri ndiwo wa ulusi. Munthu akaika ulusi umodzi pansi pa galasi lokuza zinthu amaona tizipinda tolumikizana mondondozana ngati mfundo za bango. Pali zina zoterera ngati therere, zobiriwira mowala, zimene akatswiri amazicha Spirogyra cifukwa ca kamzere kobiriwira kopotana kamene kali m'kati mwa kacipinda kali konse. Pali zina zokhakhala ndi zanthambi, monga Cladophora ndi Pithophora, zimene m'dzanja zimamveka ngati ubweya wa ku mcira wa ng'ombe, ndipo zina zimalukana ngati kaukonde. Zonsezi ziribe mizu, masamba kapena maluwa. Ulusi ukaduka, cidutswa ciri conse cimapitiriza kukula pacokha. Zina zimasiya timbeu ta khungu lolimba m'matope, timene timapirira cilimwe conse ndi kudzuka madzi akabwera. Madzi a mu mfolo, miyendo ya akakowa ndi khoka lobwereka zimasamutsa ndere kucoka pa dziwe lina kupita pa lina, motero palibe mlimi angathe kuzitsekera kunja kotheratu.

Mitundu iwiriyi imalimbirana zinthu zofanana, ndizo kuwala kwa dzuwa ndi cakudya ca m'madzi, makamaka naitirojeni ndi fosiforasi, zimene zimapezeka m'manyowa ndi m'fetereza. Mtundu umene wayamba kukhazikika ndiwo umatenga dziwe. Tindere tating'ono tikayamba, timacinga dzuwa kuti lisafike pansi, ndipo za ulusi zimafa ndi mdima. Za ulusi zikayamba, zimayamwa cakudya conse ca m'madzi, tindere tating'ono timasowa podyera, madzi amakhalabe oyera, ndipo dzuwa limapitiriza kufika pansi kukazikuza.

ZIMAYAMBIRA PANSI

Anthu ambiri amaganiza kuti ndere za ulusi zimamera pamwamba pa madzi popeza ndipo pamene amaziona. Zoona zace ndi zakuti zimayambira pansi, pa malo osaya pamene dzuwa limagunda matope. Masana zimatulutsa mpweya monga zimacitira zomera zonse zobiriwira. Timathobvu ta mpweyawo timakodwa m'ulusi wolukanawo, ndipo tikacuruka timanyamula mtolo wonse kuukweza pamwamba. Ndi cifukwa cace ndere zimaoneka zambiri masana dzuwa litatentha, ndipo mvula yamphamvu ikazimenya zimamira, mwini dziwe ndi kuyesa kuti zatha. Dzuwa likawalanso zimabwerera.

Nyengo nayo imaziyanja. M'miyezi ya Juni ndi Julaye madzi a m'madambo amazizira, ndipo nsomba za mtundu umenewu zimacepetsa kudya madzi akatsika pansi pa madigiri 20, pamene kukula kwace kwabwino kumafuna madigiri 25 mpaka 30. Matope a m'mvula amakhala atadikha, tindere tating'ono timacedwa kuswana, ndipo mlimi ali kalikiriki ndi kukolola cimanga ndi mtedza, dziwe ataliiwala. Pofika Sepitembala ndi Okutobala madzi amaphwera, malo amene anali ofika m'ciuno amafika m'mawondo, ndipo dzuwa la cilimwe limapeza ndere zitakhazikika kale.

ZIMENE ZIMAONONGA

Coyamba kutaika ndi cakudya. Ngolo iri yonse ya manyowa imene mlimi watutira ku dziwe lodzala ndere imathera m'thupi la nderezo, osati la nsomba. Miyezi isanu ndi umodzi imatha, koma nsomba zimakhala zikadali ngati zala.

Tiana ta nsomba timakodwa m'ulusi ndi kuferamo, makamaka timene tangocoka m'kamwa mwa mai wace. M'madzi oyera mbalame zodya nsomba zimaona bwino, ndipo ambululu ndi acule amapeza pobisala. Pokolola, khoka limalemera kotero kuti amuna anai amalephera kulikoka, cingwe ca pansi cimakwera pamwamba pa ndere, nsomba ndi kuthawira kunsi kwace.

Coopsa kopambana cimacitika usiku. Dzuwa likalowa ndere zimaleka kutulutsa mpweya wa okosijeni ndipo zimayamba kuugwiritsa nchito, pamodzi ndi nsomba ndi zonse zimene zikuola pansi. Pofika mbandakuca mpweyawo umakhala utacepa kwambiri. Mlimi wolawirira amapeza nsomba ziri kakasi pamwamba, zikuyasama. Mtolo waukulu wa ndere ukafa nthawi imodzi, makamaka m'masiku otentha a mitambo, kuola kwace kumatha mpweya wonse, ndipo nsomba zikulu-zikulu ndizo zimayamba kufa.

Palinso za umoyo wa anthu. M'ndere ndi m'udzu wa m'mphepete mumabisala nkhono zing'ono-zing'ono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo, ndiponso mphutsi za udzudzu, pakuti nsomba sizitha kulowamo kukazidya. Dziwe loyera m'mphepete, lokhala ndi nsomba zanjala, si malo abwino kwa udzudzu. Dziwe lophimbidwa ndi ndere pafupi ndi nyumba limaonjezera malungo pa mudzi.

ZOLAKWA ZITATU

Alangizi a za nsomba akafika pa dziwe lotere kawiri-kawiri amapeza cimodzi mwa zinthu zitatu. Coyamba ndi kusaya. Kukumba ndi khasu ndi fosholo ndi nchito yowawa, ndipo anthu ambiri amaleka dziwe lisanafike pa muyeso. Dziwe loyenera limakhala ndi madzi akuya masentimita 50 kapena 60 kumbali yosaya, ndi mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono kumbali yakuya. Makoma akagumuka ndi ng'ombe zodzamwa madzi, kapena matope akaunjikana kwa zaka, m'mphepete monse mumasanduka munda wa ndere.

Caciwiri ndi madzi oyenda osaleka. Mlimi amatsegula mfolo usana ndi usiku poganiza kuti nsomba zimafuna madzi atsopano monga za mu mtsinje. Madzi olowawo amakankha madzi akale kutulukira ku paipi, ndipo pamodzi nao pamatuluka tindere tating'ono ndi mphamvu ya manyowa. Ndere za ulusi, pokhala zogwirira pansi, sizipita. Ena amatsegula mfolo mokakamizika cifukwa dziwe lao linakumbidwa pa mcenga ndipo limamwa madzi. Pamenepo bvuto leni-leni ndi dothi, ndipo mankhwala ace ndi kumata pansi ndi makoma ndi dongo lotsendera bwino.

Cacitatu ndico copweteka mtima, cifukwa cimagwera mlimi wakhama. Iye anamva kuti manyowa amabiriwitsa madzi, ndipo zimenezo ndi zoona. Koma akathira manyowa m'dziwe limene ndere za ulusi zakhazikika kale, ndizo zimalandira mphatsoyo, ndipo m'sabata imodzi zimacuruka kuposa kale. Malangizowo anali abwino, koma panafunika kuyamba ndi kucotsa ndere, manyowa ndi kubwera pambuyo.

KUCOTSA NDI MANJA

Nchito yoyamba iribe njira yacidule. Ndere ziyenera kubvuulidwa. Nthawi yabwino ndi masana kapena dzuwa litapendeka, pamene zayandama ndipo mphepo yazikankhira mbali imodzi. Mbandakuca si nthawi yobvundula matope, popeza ndi pamene nsomba ziri pa njala ya mpweya.

Anthu awiri amagwira cingwe cacitali, wina tsidya lino wina tsidya lija, ndi kucikoka pang'ono-pang'ono pamwamba pa madzi mpaka ndere zitaunjikana pa ngodya. Nsungwi yaitali yoyandama imagwira nchito yomweyo. Pa ngodyapo amazikoka ndi reki ya m'dimba yomangiridwa ku mtengo wautali, kapena ndi nthambi ya minga imene amaipotoza m'madzi kuti ulusi uzikulungika. Zogwirira pansi nazo ziyenera kupalidwa, cifukwa ndizo mbeu ya mawa. Mtolo uli wonse ugwedezedwe m'madzi usanaturutsidwe kuti tiana ta nsomba tipulumuke. Mutu umodzi susenza denga: kumene alimi ali m'kalabu, kugwirizana tsiku ndi kuyenda dziwe ndi dziwe kumatha nchito imene munthu mmodzi akanaigwira sabata yathunthu.

Ndere zobvuulidwa zisasiyidwe pa khoma la dziwe, pakuti zikaola madzi ace amabwerera momwemo, ndipo mphepo imagwetseramo zidutswa. Malo ace ndi pa dzenje la manyowa la m'dimba, posanjikiza ndi mapesi ndi ndowe. Motero cakudya cimene zinaba m'dziwe cimakabwezedwa ku repu ndi tomato.

Pa nchito imeneyi munthu ayenera kuima pa khoma momwe angathere, ndipo ngati kuli kofunika kulowa m'madzi abvale nsapato za mphira zofika m'mawondo. Ana asatumidwe kulowa m'dziwe la ndere, ngakhale iwo amaikonda nchito yotere. Ali yense woona magazi m'mkodzo apite ku cipatala, kumene likodzo limacizidwa ndi mankhwala ochedwa praziquantel.

Kubvuula kamodzi sikukwanira. Zidutswa zotsala zimaphukanso, ndipo mlimi ayenera kubwereza masiku awiri kapena atatu ali onse kufikira madzi atagwira mtundu.

KUBIRIWITSA MADZI

Ndere zikangocoka, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace, dziwe lidzazidwe mpaka pa muyeso wace ndipo mfolo utsekedwe. Kuyambira pamenepo madzi azilowa pokha-pokha pobwezera amene aphwera. Pamenepo tsono ndi pamene manyowa amagwira nchito yace.

Zitosi za nkhuku ndizo zamphamvu kopambana. Muyeso woyambira ndi makilogramu 2 mpaka 5 a zitosi zouma pa sabata, pa dziwe la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Ndowe za ng'ombe ndi zofooka, motero zimafunika zoposerapo. Za nkhumba ndi za mbuzi ziri pakati. Manyowa asamwazidwe pansi pa dziwe lonse, pamene ndere za ulusi zimadyera. Aikidwe m'kakhola ka timitengo komangidwa pa ngodya ya kumbali yosaya ndi kumatakasidwa ndi ndodo masiku onse, kapena m'thumba lomangiridwa ku mtengo kuti lizilendewera m'madzi. Cofunika ndi cakuti mphamvu yace isungunukire m'madzi momwe tindere tating'ono tiri.

Amene ali ndi fetereza wotsala ku munda angathe kugwiritsa nchito pang'ono. D Compound ali ndi magawo 10 a naitirojeni, 20 a fosiforasi ndi 10 a potashi pa 100 ali onse, ndipo Urea ali ndi magawo 46 a naitirojeni. Koma kuponya fetereza wa mibulu m'dziwe ndi kutaya ndalama. Mibuluyo imamira, matope amamanga fosiforasi, ndipo yotsala imadyedwa ndi ndere za pansi. Ayenera kusungunulidwa m'ndowa coyamba, ndi kuwazidwa pamwamba pa madzi m'mawa wa tsiku la dzuwa. Muyeso wace mlimi afunse mlangizi wa za nsomba wa m'boma lace, popeza fetereza wopyola muyeso amapha nsomba msanga kuposa ndowe.

M'nyengo yotentha madzi amayamba kugwira mtundu m'sabata imodzi kapena ziwiri. M'cisanu amacedwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima ndi kutsegulanso mfolo.

Poyesa ngati madzi afika pabwino, mlimi amamiza mkono mpaka m'cigongono, cikhatho cikuyang'ana kumwamba. Cikhatho cikaoneka bwino-bwino, madzi akadali ndi njala. Cikayamba kuzimirira pa muyeso umenewo, umene uli ngati masentimita 30, dziwe liri bwino ndipo dzuwa silikufika pansi. Cikazimirira dzanja litangolowa pang'ono, madzi akhuta mopyola, manyowa aimitsidwe ndipo madzi atsopano alowe pang'ono, pakuti tindere tating'ono nato tikacurukitsa timatha mpweya usiku. Akatswiri amayesa cimodzi-modzi ndi kambale koyera kamene kanayamba kugwiritsidwa nchito mu 1865 ndi Angelo Secchi, wansembe wa ku Italy amene analinso katswiri wa nyenyezi. Kumudzi cibvundikiro coyera ca ndowa cokhomeredwa ku ndodo ya zizindikiro cimakwanira, ndipo cimapulumutsa mkono ku madzi a likodzo. Madzi ofiira ndi matope asasokonezedwe ndi obiriwira: amabisa cikhatho ndithu, koma mulibe cakudya.

NSOMBA YODYA NDERE

Pakati pa nsomba zowetedwa m'dziko lino pali imodzi imene imadya zomera. Ndiyo ya pacifuwa pofiira, imene a ku Malawi amaicha cilunguni, a ku Luapula mpende, ndipo akatswiri Coptodon rendalli. Iri ndi mano odulira, ndipo imadya udzu wanthete, masamba a cinangwa, a mbatata ndi a maungu, pamodzi ndi ndere za ulusi. Kuisakaniza ndi nsomba zinzace zosefa madzi ndi nzeru, cifukwa mtundu uli wonse umadya mbale yace ndipo ulusi wongophuka umadulidwa usanalukane.

Koma asaiyembekezere kucita zozizwitsa. Tiana ta cilunguni sitingathe bulangete la ndere lophimba theka la dziwe. Ndere zokhakhala zija siizikonda kweni-kweni, ndipo ikamalandira masamba ofewa ndi gaga wambiri tsiku ndi tsiku imacita monga mwana wokhuta zitumbuwa. Masiku olimbana ndi ndere mlimi acepetse masamba. Gaga naye aperekedwe wokwanira kutha, pa malo amodzi, cifukwa wotsala amamira ndi kukhala manyowa a pansi.

Ena amamva za nsomba ya ku China yochedwa grass carp, yodziwika ndi kudya udzu wa m'madzi. Iyo imasankha zomera za masamba, ndipo ndere za ulusi imazidya pokha-pokha zina zikasowa. Ndiponso lamulo la nsomba la mu 2011 sililola munthu kuika nsomba yacilendo m'madzi a dziko lino popanda cilolezo ca Dipatimenti ya Nsomba.

Cimodzi-modzi ndi maganizo obweretsa zomera zoyandama kuti zicite mthunzi. Mthunzi zimacitadi, koma zimaphanso tindere tating'ono, ndipo zikathawira mu mtsinje palibe angazibweze. Nyanja ya Kariba ikadali kudzala, comera coyandama cochedwa Salvinia cinafalikira kotero kuti mu 1962 cinaphimba pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonseyo. M'zaka za m'ma 1990 namasupuni anasautsa asodzi ndi a magetsi pa mtsinje wa Kafue.

NGAKHALE M'MATAUNI ZIRIKO

Bvuto limeneli si la m'midzi yokha. Amene anafikako ku Lusaka kapena ku Migodi anaonapo m'mahotela ndi m'masitolo ena mabokosi a galasi odzala madzi, m'mene muli tinsomba ta mawanga ndi zomera zobzalidwa pa mcenga, zosungidwira kukongola cabe. Eni ace m'maiko onse amadandaula ndi ndere zomwezi, zimene zimakulunga masamba a zomera zao ngati tsitsi. Iwo sangathe kubiriwitsa madzi, popeza colinga cao ndi kuona nsomba. Motero amacepetsa kuwala: bokosi amalicotsa pa zenera, ndipo nyale yace amaiyatsa maola 6 mpaka 8 okha pa tsiku. Amacepetsa cakudya ca nsomba, amasintha gawo lina la madzi sabata iri yonse, ndipo amabzala zomera zambiri zokula msanga kuti zilande cakudya ca m'madzi ndere zisanacipeze. Ulusi woonekera amaupota ndi mswaci. Amaikamonso tinkhanu tating'ono todya ndere, timene tinachuka cifukwa ca Takashi Amano, wojambula zithunzi wa ku Japan amene anamwalira mu 2015.

Mwini bokosi la galasi amasintha madzi pamene mwini dziwe amatseka mfolo, ndipo wina angayese kuti akutsutsana. Koma onse awiri akucita cinthu cimodzi: akumana ndere za ulusi dzuwa, ndipo cakudya ca m'madzi akucipereka kwa comera cimene iwo akufuna.

ZA MANKHWALA

M'masitolo ena a zaulimi mumapezeka mankhwala a mibulu ya buluu ochedwa copper sulphate, ndipo ndi zoona kuti amapha ndere. Koma muyeso umene umapha ndere uli pafupi kwambiri ndi umene umapha nsomba, ndipo umasintha malinga ndi madzi ace. M'madzi opanda laimu wokwanira, monga a m'madambo ambiri, mankhwalawa amakhala aululu kopambana, ndipo mlimi alibe cipangizo coyezera zimenezo. Amaphanso tindere tating'ono ndi tizirombo timene tiana ta nsomba timadya. Ndere zonse zikafa tsiku limodzi zimaolera m'dziwe momwemo, mpweya umatha, ndipo cakudya cimene cinali m'thupi mwace cimabwerera m'madzi oyera kukakuza zina. Safunsa anadya phula. Mankhwala ophera udzu m'munda ndi ophera mbozi za thonje ndiye asayandikire dziwe konse, ngakhale potsuka mpope wopoperera.

POKONZEKERA MBEU YATSOPANO

Nthawi yabwino kopambana yogonjetsera ndere za ulusi ndi pamene dziwe lakololedwa. Ngati lingathe kuphwetsedwa, madzi onse aturuke ndipo pansi paume mpaka matope atang'ambika, zimene zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri m'cilimwe. Ndere zouma zipalidwe, matope oonjezera afukulidwe ndi kupita ku dimba, malo osaya akumbidwe, makoma akonzedwe, ndi udzu wolowa m'madzi udulidwe. Mpanda wa minga umaletsa ng'ombe kugumulanso makoma. Maiwe a m'dambo amene madzi ace amatumphuka pansi sauma kotheratu, koma ngakhale amenewo angathe kukapidwa ndi ndowa kufikira pansi pataoneka.

Kumene dothi liri lowawasa, laimu wa m'munda amathandiza manyowa kugwira nchito: makilogramu 10 mpaka 20 pa dziwe la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, omwazidwa pa matope akadali a cinyezi. Phulusa la nkhuni limathandizanso. Laimu wopakira nyumba ndi waukali, ndipo sayenera kuthiridwa m'dziwe muli nsomba. Fetereza adikire sabata imodzi kapena ziwiri laimu atathiridwa, cifukwa zikalowa pamodzi laimu amamanga fosiforasi.

Podzaza madzi, dziwe lisakhale masabata ndi madzi a m'kakolo, pakuti m'masiku amenewo ndi m'mene timbeu ta ndere timadzukira m'matope. Lidzazidwe msanga mpaka pa muyeso, pa khomo la mfolo paikidwe kasefa ka waya kapena ka ukonde wakale kogwira zidutswa za ndere ndi nsomba za kuchire, ndipo kakhola ka manyowa kadzazidwe tsiku lomwelo. Tiana ta nsomba tilowe madzi atabiriwira kale. Alimi ofuna mbeu ya cilunguni kapena kuyezetsa madzi ao angathe kuonana ndi ofesi ya Dipatimenti ya Nsomba ya m'boma lao, kapena kupereka uthenga kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao.